Kalata ya Bambo Mfumu yokhudza khitchini ndi nyumba yochapira za ku konventi yakale

Okondedwa akhristu anzanga mwa Ambuye,

Mtendere wa Khristu ukhale nanu nonse. Pa msonkhano wathu wapitawu ena mwa inu munapempha kuti tigwetse khitchini yakale ya asisitere, nyumba yochapira ndi nkhokwe yanjerwa zimene zili kuseri kwa konventi, kuti njerwazo timangire mpanda. Ndaisinkhasinkha nkhaniyi, ndipo ndikukupemphani kuti tisatero.

Mpingo sunayambe wayesa nyumba zoterezi ngati zachabe. Lamulo la Benedict Woyera limati malo a amonke akhale ndi madzi, mphero ndi dimba m'kati mwa mpanda, ndipo limalangiza wosunga katundu kuti ziwiya zonse azizisamala monga ziwiya zopatulika za paguwa. Ku Fontevraud, m'dziko la France, kuli konventi yakale imene inayamba mu 1101, komwe mayi wamkulu wa asisitere ankalamulira ngakhale amonke aamuna. Kuyambira mu 1804 mpaka 1963 boma linaisandutsa ndende, koma khitchini yake yamiyala, yokhala ndi machumuni ambiri ndi denga longa mamba a nsomba, ikadalipo, ndipo alendo amaima pamenepo nthawi yaitali. Yathuyi ndi yaing'ono ndiponso yakuda ndi mwaye, komabe ndi mmene munkaphikidwa phala la odwala ndi la ana asukulu, ena mwa iwo ndinu agogo amene mumakhala kutsogolo pa Misa.

Amisiri akale anamanga ndi nzeru. Makoma ndi ochindikala kuti m'kati muzizizira, khonde ndi lotambalala kuti mvula isamenye njerwa, ndipo matope omangira ndi a dothi ndi laimu. Chifukwa cha ichi ndikuchenjeza amene akufuna kupaka simenti paliponse, pakuti simenti imatsekera chinyezi m'khoma, ndipo njerwa zofewazo zimayamba kufumbutuka pansi pa pulasitala osaoneka. Chofunika msanga ndicho kusintha malata odontha, kuchotsa mitanda imene chiswe chadya, ndi kukumba ngalande yochotsa madzi pamaziko.

Ndikupempha miphakati yonse kuti itumize amisiri awiriawiri Loweruka likubwerali, ndipo amayi amene munagwirako ntchito ndi asisitere mubwere mudzatiuze ntchito ya chipinda chilichonse, kuti achinyamata alembe ndi kujambula tisanakhudze kanthu.

Ine wanu mwa Khristu,
Bambo Mfumu