Zimbale za U-Roy tizisankha poona ridimu ndi amene anajambulitsa

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu kwa anzanga okonda reggae, makamaka achinyamata amene amva dzina la U-Roy ndipo akufuna kudziwa chimbale choyambira. Ambiri amangolemba dzinalo pa intaneti kapena kulitchula kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi, n'kutenga chilichonse chimene chabwera. Akamvera osakhutira, amati mkuluyu ankangotchuka chabe. Vuto silikhala U-Roy ayi, limakhala kasankhidwe.

Dzina lake lenileni linali Ewart Beckford. Anabadwira ku Jones Town mumzinda wa Kingston pa 21 September 1942, ndipo anamwalira pa 17 February 2021 ali ndi zaka 78. Ku Jamaica woika nyimbo pa dansi amamutcha selekita, pomwe deejay ndi uja wogwira maikolofoni, wolankhula ndi kukuwa mogwirizana ndi nyimbo imene ikulira. U-Roy sanali woyamba kuchita zimenezi. Count Machuki ndi King Stitt anamutsogolera. Iye anayamba mu 1961 pa sound system (gulu loika nyimbo pa madansi ndi masipika akuluakulu) ya Dickie Wong, nadzakhwima pa Home Town Hi-Fi ya King Tubby, ndipo chimene anasintha n'chakuti anasandutsa kulankhula kwa pa dansi kukhala nyimbo yoti munthu agule m'sitolo n'kukamvera kunyumba.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kasankhidwe. Nyimbo ya deejay ili ndi zigawo zitatu: ridimu, kutanthauza bezi, ng'oma ndi zida zina, mawu a woimba woyamba amene asiyidwamo apa ndi apo, kenako deejay mwiniwake. Zigawo ziwiri zoyambazo sizikhala m'manja mwa deejay, zimakhala m'manja mwa wojambulitsa ndi injiniya wa mu situdiyo. Ridimu ikakhala yofooka, deejay angachite kukuwa bwanji, nyimboyo siidzuka. Choncho musanayang'ane mayina a nyimbo, yang'anani zinthu zitatu pachikuto: dzina la wojambulitsa, chaka chimene nyimbozo zinajambulidwa (osati chaka chimene chimbale chinasindikizidwanso), ndi situdiyo.

Mukatsata njira imeneyi mufika kaye pa Version Galore, chimbale cha mu 1971 chojambulitsidwa ndi Duke Reid, mwini kampani ya nyimbo ya Treasure Isle. Kwa ine ichi ndicho choyamba, ndipo palibe china chochiyandikira. Reid anali ndi nkhokwe ya nyimbo za rocksteady, kaimbidwe kodekha kamene kanabala reggae, zojambulidwa pakati pa 1966 ndi 1968 mu situdiyo yake ya pa Bond Street, zoimbidwa ndi magulu monga The Paragons ndi The Melodians, zida zikugwidwa ndi Tommy McCook ndi gulu lake la Supersonics. Mu 1970 John Holt, woimba wa The Paragons, atamumva U-Roy pa dansi anakamunena kwa Reid. Reid anatenga matepi akale aja, injiniya n'kumatsitsa mawu a oimba m'malo ena ndi kuwabwezera m'malo ena, U-Roy n'kumalowa m'mipatamo. M'chaka chomwecho nyimbo zake zitatu, “Wake the Town”, “Rule the Nation” ndi “Wear You to the Ball”, zinakhala pa nambala 1, 2 ndi 3 pamndandanda wa nyimbo zotchuka ku Jamaica.

Chimbalechi chili ndi nyimbo 12, zambiri zosafika mphindi zitatu. Kuti mumve luso lake musachimvere chokha. Tengani “The Tide Is High” ya The Paragons ya mu 1967, muimvere kawiri mpaka mudziwe pamene Holt amapuma. Kenako ikani ya U-Roy. Mudzamva kuti salankhula pamwamba pa woimba ngati munthu wosokoneza. Amadikira mzere uthe, alowe mochedwerako pang'ono kapena mofulumirako pang'ono, ayankhe zimene woimba wanena, akuwe kamodzi, kenako akhale chete kuti bezi ndi zida zina zimveke. Zili ngati amayi awiri pamtondo, wina kutsogolera nyimbo wina kuvomera, minsi osagundana. Chitani chimodzimodzi ndi “On the Beach” komanso “Wear You to the Ball”. Mukazolowera kumvera motere, mwapeza muyeso woyesera zimbale zake zonse: kodi akucheza ndi nyimboyo, kapena wangoikidwa pamwamba pake?

Pali misampha iwiri pa chimbalechi. Woyamba: “Wake the Town” ndi “Rule the Nation” mulibe mu Version Galore yoyambirira ija ya nyimbo 12. Zinatuluka pa timbale ting'onoting'ono ta mainchesi 7, ndipo zimapezeka m'zimbale zosonkhanitsa nyimbo za kwa Duke Reid kapena m'makope atsopano owonjezeredwa nyimbo. Werengani mndandanda musanalipire. “Wake the Town” inamangidwa pa ridimu ya “Girl I've Got a Date” ya Alton Ellis, ndipo “Rule the Nation” pa “Love Is Not a Gamble” ya The Techniques, kotero mungaziyese ndi njira yomwe ija. Msampha wachiwiri: pali zimbale zina zotsatira zokhala ndi dzina lomwelo, gawo lachiwiri ndi lachitatu, koma si za U-Roy yekha, muli madeejay ena monga Dennis Alcapone. Si zoipa, kungoti mudziwe chimene mukugula.

Chachiwiri ndi Dread in a Babylon cha mu 1975, chojambulitsidwa ndi Prince Tony Robinson, chimene kampani ya Virgin inachifalitsa ku Britain. Ambiri kunja kwa Jamaica anamudziwira U-Roy pa chimenechi, ndipo ena amati ndicho chopambana. Sindikuvomereza, koma ndikumvetsa chifukwa chake. Apa rocksteady yatha, tili m'nyengo ya reggae yotchedwa roots: bezi yalemera, ng'oma zauma, ndipo uthenga wa Chirasta uli poyera. Nyimbo ndi 10, ndipo zida zinagwidwa ndi magulu a Soul Syndicate ndi Skin, Flesh and Bones. “Runaway Girl” yatengedwa ku “Just Another Girl” ya Ken Boothe, ndipo “Chalice in the Palace” ku “Queen Majesty” imene The Techniques anaitchukitsa. Kusiyana kwake ndi Version Galore n'kwakuti pano nyimbo zakale zinaimbidwanso mwatsopano kuti deejay apeze malo, osati kutenga tepi yeniyeni yakale. Malo achuluka, U-Roy akutambasuka, mawu ake akhwima. Koma kulimbirana kampata ndi woimba kuja, kumene kumapatsa moto nyimbo za mu 1970, kwachepako. Makolo adziwenso kuti chikuto chake ndi nyimbo ya “Chalice in the Palace” zikukamba za chamba mosabisa.

Prince Tony anatulutsa zina zitatu motsatizana: Natty Rebel mu 1976, Rasta Ambassador mu 1977 ndi Jah Son of Africa mu 1978. Pa zitatuzi tengani Natty Rebel. Nyimbo yapamutu yaima pa “Soul Rebel” ya The Wailers monga anaiimbiranso The Gladiators, ndipo ndi imodzi mwa nyimbo zabwino kwambiri zimene U-Roy anajambula m'moyo wake. Pofika pa Jah Son of Africa kapangidwe kake kayamba kubwerezabwereza, ndipo munthu amene ali ndi ndalama za zimbale zitatu zokha asayambire pamenepo.

Rasta Ambassador ndiyo imasokoneza anthu ambiri, chifukwa muli “Wear You to the Ball” ndi “Tide Is High” zojambulidwanso. Munthu amaona mayinawo n'kuganiza kuti wapeza nyimbo zimene zinagwedeza Jamaica mu 1970, pamene watenga za mu 1977. Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Zakale zimayenda mwakachetechete pa rocksteady, malipenga ndi gitala zili zofewa, ndipo mawu a John Holt ndi anzake amamveka bwino. Zatsopano ng'oma zake zimagunda mwamphamvu motsogola, mwa kaimbidwe ka nthawi imeneyo kotchedwa rockers. Zonse n'zomveka, koma amene sanamve zakale sanamve chimene chinasintha reggae.

Pali chimbale china chimene sichitchulidwa kawirikawiri koma ndimachiika pafupi ndi Dread in a Babylon: The Lost Album, Right Time Rockers. Chinajambulidwa ku situdiyo ya Channel One mu 1976, nyimbo zambiri zikuyenda pa maridimu a chimbale cha Right Time cha The Mighty Diamonds, koma chinakhala m'kabati zaka zoposa 20 chisanatulutsidwe. Ubwino wake ndi womwe uja wa kwa Duke Reid: maridimu ndi enieni a nyimbo zimene zinatchuka kale, ogwidwa ndi The Revolutionaries pamene Sly Dunbar anali pachimake pa ng'oma, ndipo U-Roy akumveka ngati ali pa dansi, osati mu situdiyo. Mverani Right Time kaye, kenako chimenechi.

Kuyambira 1978 mphamvu zake zambiri zinapita ku sound system yake ya Stur Gav, kumene kunakulira madeejay monga Ranking Joe, Josey Wales ndi Charlie Chaplin. N'chifukwa chake zimbale za m'zaka za m'ma 1980 n'zochepa ndipo sizikufika pa zakale. Atabwerera mwamphamvu anagwira ntchito ndi wojambulitsa Mad Professor wa kampani ya Ariwa ku London, ndipo pa zimene anapanga limodzi True Born African ya mu 1991 ndi yoyenera kuimva, bola mudziwe kuti zida zake zili ndi kamvekedwe ka makina a nthawi imeneyo. Solid Gold U-Roy, imene inatuluka mu 2021 iye atamwalira kale, ili ndi alendo monga Ziggy Marley, Shaggy ndi Big Youth akuimba naye nyimbo zake zakale. Ndi ya ulemu, ndipo mawu a mkuluyu anali adakali ndi mphamvu, koma alendowo atenga malo ambiri. Ikhale yomalizira, osati yoyambira.

Tsopano zolakwika za m'manja mwathu momwemu. Choyamba ndi mayina. Pa timbale takale dzina lake linkalembedwa Hugh Roy, ndipo ndi munthu yemweyo. Koma I-Roy, dzina lake Roy Reid, ndi munthu wina, monganso U-Brown. Onsewa anatengera kwa iye ndipo mawu awo amafanana kwa khutu losazolowera, choncho m'mamemori khadi ndi pa intaneti nyimbo zawo zimasakanikirana m'foda imodzi. Njira yake ndi kupita ndi mndandanda wa nyimbo wolembedwa papepala, dzina la chimbale ndi chaka, n'kufananiza nyimbo imodzi ndi imodzi, kuonanso kutalika kwake. Nyimbo ya kwa Duke Reid ikasonyeza mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kayikirani. Mwina ndi ya pa siteji, yojambulidwanso, kapena yolumikizidwa ndi ina.

Chachiwiri ndi kupanikiza nyimbo kuti zikwane zambiri m'khadi. Nyimbo ya mphindi zitatu pa 128 kbps (muyeso wa kupanikizaku: nambala ikachepa, nyimbo yapanikizidwa kwambiri) imadya pafupifupi ma MB 3, pomwe pa 320 kbps imadya ma MB 7. Chimbale cha theka la ola pa 320 ndi ma MB 72 okha, choncho palibe chifukwa chomanira. Matepi a Treasure Isle ndi akale, ali ndi kaphokoso kawo, ndipo akapanikizidwa kwambiri malipenga ndi zitsulo za ng'oma zimamveka ngati zili m'madzi. Dziwaninso kuti nyimbo imene inatsitsidwa kale kufika pa 128 siibwerera mwakale poisandutsa 320. Fayilo imangokula, zotayika zatayika.

Chachitatu ndi chomverera. Kasipika ka foni sikatulutsa bezi, pamene gitala ya bezi imatsika kwambiri, mpaka cha m'ma 40 Hz pa muyeso wa kutsika kwa mawu. Mukamvera pafoni mumamva munthu akulankhula yekha popanda chimene akulankhula nacho, ndiye mumamuweruza molakwika. Pezani mahedifoni otseka makutu kapena sipika yokhala ndi wufa. Koma musapitirirenso mbali inayo: ambiri amakweza bezi mpaka kumapeto n'kutsitsa mawu apakati, pamene mawu a deejay ndi a woimba amakhala pakatipo. Yambani zonse zili pakati, mukweze bezi pang'onopang'ono, ndipo muime pamene mawu a U-Roy ayamba kubisika. Amene ali ndi mbale zenizeni zakale, zimbale zazikulu zimazungulira maulendo 33 pa mphindi ndipo timbale ta mainchesi 7 maulendo 45. Muzisunge choimika, kutali ndi dzuwa ndi denga la malata, chifukwa kutentha kwa mu October kumazipinda ndipo yopindika singano imadumpha.

Pempho langa lipite kwa oulutsa mawu amene ali ndi mapulogalamu a reggae m'mawailesi athu. Mukaika nyimbo ya U-Roy, yambani ndi nyimbo imene inabala ridimuyo, mutchule woimba, wojambulitsa ndi chaka, kenako muike ya deejay osalankhulapo inu pamwamba. Mphindi zisanu ndi chimodzi zimakwana pa nyimbo ziwirizo. Kwa wogula, dongosolo ndi ili: Version Galore yokhala ndi “Wake the Town” ndi “Rule the Nation” zowonjezera, kenako Dread in a Babylon, kenako Right Time Rockers kapena Natty Rebel malinga ndi chimene chapezeka.

Ine wanu,
Wokonda reggae,
Chilomoni, Blantyre