Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yachiwiri

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi onse. Tikuthokoza Mulungu potisunga mpaka tsiku lotsekera. Malipoti ali ndi ana anu; muwaone bwino, musayine, adzabwere nawo potsegulira.

Zokoma zilipo. Atsikana a ntchemberembaye asewera bwino ndi sukulu zoyandikana nafe, a Fomu 4 alimbikira pa mayeso oyeserera, ndipo mitengo imene tinabzala ndi mvula yoyamba yagwira. Zikomo abambo amene munabwera kudzakhoma malata a chimbudzi mphepo itawasasula.

Koma chimene chandikhalitsa pansi kulemba kalatayi ndi chowawa. Chitsegulireni mu Januwale, atsikana angapo a Fomu 2 ndi Fomu 3 sanaonekenso m'kalasi. Titafufuza tapeza kuti akwatiwa, ena atomeredwa ndi anyamata a ku Joni amene anabwera kumapeto kwa chaka ndi mafoni, nsapato ndi zikwama. Chondipweteka kwambiri n'chakuti sanathawe okha. Akuluakulu anakhala pamphasa, anakambirana, ndalama zinalandiridwa. Amayi a Mother Group atafika pakhomo lina anauzidwa kuti mwana wapita kukadwazika azakhali ake, chonsecho mudzi wonse ukudziwa kumene ali.

Mmodzi mwa anawa ndi amene teremu yatha anakhala jaji m'sewero la kalabu yathu ya zaufulu. Anafunda chitenje chakuda ngati mkanjo, kumutu atavala wigi ya thonje, n'kugamula mlandu wa malire a munda mopanda kunjenjemera, holo yonse ili duu. Sewero litatha anafunsa aphunzitsi ake kuti munthu amakhoza maphunziro ati kuti akhale loya. Kope lake la Social Studies likadali pa tebulo panga. Tsamba lomaliza analembapo za Mayi Anastasia Msosa.

Ndiloleni ndikuuzeni zimene mwana wanuyu anaphunzira. Mayi Msosa anabadwa mu 1950, nthawi imene mtsikana wopitirira pulayimale anali wosowa kuposa lero. Anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College n'kumaliza mu 1975. Sanadzuke tsiku limodzi ali jaji. Anayamba ngati loya wa boma, anagwiranso zaka zambiri kunthambi yoimira pamilandu anthu amene sangathe kulipira loya. Mu 1992 anakhala mayi woyamba m'Malawi muno kusankhidwa kukhala jaji wa Khoti Lalikulu. Pa chisankho cha matipate cha pa 17 Meyi 1994, chimene ena mwa inu munaimira pamzere padzuwa, amene ankatsogolera bungwe loyendetsa chisankho anali iwowa, dziko lonse litagwira mtima m'manja. Mu 1997 anakwezedwa kupita ku khoti la apilo la Supreme, ndipo kuyambira 2013 mpaka 2015 anali mkulu wa makhoti onse m'dziko muno, mayi woyamba pa mpando umenewo. Kuchokera pa digiri kufika pa mpandowo panadutsa zaka 38. Ife tikulephera kudikira mwana zaka 4 zokha za sekondale!

Sindikunena kuti mtsikana aliyense wa kuno ku Mangochi adzavala mkanjo wa jaji. Koma amene akanatha, tikumudziwa bwanji ngati tamuchotsa ali Fomu 2?

Lamulo nalo silikubisa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo avomere, mwana wosakwana zaka 18 sangakwatiwe. Choncho ndikunena poyera kuti kuyambira teremu ikubwerayi, mwana akajomba sabata yathunthu popanda chifukwa chomveka, tidzafika pakhomo. Tikapeza kuti ndi ukwati, nkhaniyo tidzaitula kwa amfumu, ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi kupolisi. Sindidzalandiranso mawu akuti "ndi za pabanja".

Komabe sindikufuna kuti tikafike kumeneko, makolo anzanga. Ndikudziwa kuti chaka chino m'makomo mwavuta, nsomba zachepa, ufa wakwera mtengo. Ngati vuto ndi yunifolomu, makope kapena sopo, bwerani ku ofesi tinong'onezane, sitidzakuchititsani manyazi. Mwana amene wapita kale, khomo silinatsekedwe. Ngakhale ali woyembekezera, ndondomeko ya boma imamulola kubwerera akachira, ndipo malo ake tisunga. Ndikupempha mashehe, abusa, mafumu ndi anankungwi kuti mutithandize kulankhula, pakuti mawu anu amafika pamene athu safika. Inu atsibweni, amene mawu anu amalemera pa nkhani za ukwati, kanani.

Anyamata nawonso akumagona kunyanja kokoka usipa, m'mawa n'kumasinza m'kalasi. Patchuthi pano athandize, koma sukulu ikatsegulidwa abwerere ku makope.

Tsiku lotsegulira lalembedwa pa lipoti. Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi udzachitika Loweruka loyamba tikatsegulira, 9 koloko m'mawa. Mudzabwere nokha, abambo ndi amayi, osati kutuma mwana wamkulu.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu