Lipoti la msonkhano wa ku Thyolo: malire a Google Scholar ndi kaphunzitsidwe ka kafukufuku kwa ophunzira za uinjiniya

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la ogwira ntchito m'malaibulale a ku Mulanje ndi Thyolo,

Munatituma anthu awiri ku msonkhano wa masiku awiri womwe unachitikira ku Thyolo, ndiye nazi zomwe tabwera nazo. Kunali oyang'anira malaibulale, aphunzitsi a uinjiniya ndi ophunzira angapo a chaka chomaliza. Dandaulo la aphunzitsi linali limodzi: wophunzira akapatsidwa pulojekiti amatsegula Google Scholar, chida cha Google chofufuzira zolemba za kafukufuku, n'kutola zomwe zili patsamba loyamba, basi kafukufuku watha. Popeza yunivesite ya sayansi ndi umisiri ya MUST ili pa Ndata pompano, ndipo ophunzira za umisiri amafikanso m'malaibulale athu, nkhaniyi ndi yathu.

Palibe ananena kuti Google Scholar ndi yoipa. Ilipo kuyambira 2004, ndi yaulere ndipo imatseguka ngakhale pafoni netiweki ikavuta. Vuto ndi loti malire ake saoneka, choncho wophunzira amayesa waona zonse.

Anationetsa poyera, pa pulojekita, pogwiritsa ntchito mutu wa kwathu konkuno: mphamvu zomwe zimapita poumitsa tiyi m'fakitale. Atalemba mawu akuti tea drying energy, pamwamba panalembedwa kuti papezeka zolemba zikwizikwi. Koma ngakhale mutadina masamba onse, Google Scholar sikuonetsani zoposa 1,000. Zomwe zimabwera patsogolo nthawi zambiri ndi zomwe zatchulidwa kwambiri ndi olemba ena, kotero pepala lakale la ku India kapena ku China limakhala pamwamba, pomwe latsopano lokamba za tiyi wa kuno limakwiririka kutali komwe wophunzira safikako. Bokosi lolembamo limalandira zilembo 256 zokha. Funso likatalika, kumapeto kwake kumadulidwa. Kanyenyezi (*) kamene mu Scopus, chida chofufuzira cholipira, kamathandiza kuti dry* igwire dryer ndi drying nthawi imodzi, muno sikagwira ntchito imeneyo, ndiye liwu lililonse mumalilemba palokha, pakati pake OR wa zilembo zazikulu.

Chomwe chinatikhudza kwambiri ife a m'laibulale ndi ichi. Google sitsatanetsa mndandanda wa magazini a kafukufuku omwe imatolamo zolemba. Simungauze wophunzira motsimikiza kuti zakutizakuti zilimo, zakutizakuti mulibe. Magazini achinyengo, aja ongolandira ndalama n'kusindikiza pepala popanda akatswiri kuliunika, amaoneka pamzere umodzi ndi a IEEE, bungwe lodalirika la mainjiniya, zilembo zofanana, mtundu wofanana. Mwana wa chaka chachitatu angawasiyanitse bwanji ngati sanaphunzitsidwe? Njira yomwe tinagwirizana ndi yoti ayang'ane dzina la magaziniyo m'mindandanda ya magazini younikidwa: mu DOAJ ngati ili yowerenga mwaulere, kapena mu AJOL ngati ili ya muno mu Africa, kenaka atsate mafunso a Think. Check. Submit. omwe ndi ochepa ndipo amakwana papepala limodzi loti tingamate pakhoma.

Ndiye pali zolemba za kwathu. Malamulo a Google Scholar amafuna kuti fayilo ya PDF ikhale ndi mawu oti kompyuta ingawawerenge, ndipo isapose 5MB. Mabuku a kafukufuku omwe ophunzira akale analemba pomaliza digiri, akangojambulidwa pa sikana ngati zithunzi, kawirikawiri amalephera zonse ziwiri. Malipoti a mipope ya madzi otsika okha kuchokera m'phiri la Mulanje, zolemba za Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa, malipoti a magetsi a ku Bondo pa mtsinje wa Lichenya: wofufuza zotere asadalire intaneti yokha. Zina amazipeza polemba kalata, kupita yekha n'kukakhala pansi ndi mafayilo. Wophunzira akabwera n'kunena kuti "palibe chinalembedwapo pa Malawi", tizimufunsa kaye kuti wafufuza kuti.

Injiniya sadalira mapepala a kafukufuku okha, ndipo apa m'pamene zida zaulere zimaperewera kwenikweni. Wokonza thanki ya madzi akumwa ayenera kuwerenga muyezo wa MS 214, womwe umapezeka ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre. Miyezo ya ISO, BS ndi ASTM nayo yambiri ndi yogula. Google Scholar ingakuonetseni pepala lotchula muyezowo, koma osati muyezo weniweniwo, ndipo ophunzira amagwa m'mbuna yotenga manambala m'pepala la munthu wina lomwe linatsata muyezo wakale womwe unasinthidwa. Za mapatenti, zikalata zoteteza umwini wa zopangidwa zatsopano, n'zosavuta: Espacenet ndi Patentscope n'zaulere, zili ndi zojambula za makina, ndipo wopanga chida chatsopano ayambe waona kumeneko asanaononge chaka chathunthu pa chinthu chomwe wina anapanga kale.

Zida zina zaulere tinazidutsa mwachangu: Semantic Scholar, BASE, CORE ndi OpenAlex. Chilichonse chili ndi mbali yake, makamaka BASE ndi CORE zomwe zimatola zolemba m'nkhokwe za mayunivesite. Anatikumbutsanso kuti Microsoft Academic inatsekedwa kumapeto kwa 2021, anthu ali mkati moidalira. Choncho tisaphunzitse ana kudina mabatani a chida chimodzi, koma kafunsidwe ka funso komwe kangagwire ntchito paliponse.

Nkhani ya zolemba zogulitsa inatenga nthawi yaitali. Wophunzira amapeza mutu wabwino, akadina amauzidwa kuti alipire madola, ndiye amasiya n'kutenga lina losafunikira chifukwa lili ndi PDF pambali. Asanagonje pali njira zitatu. Adine All versions pansi pa mutuwo, poti kawirikawiri wolemba amakhala ataika pepala lomwelo m'nkhokwe ya yunivesite yake. Aike Unpaywall pa kompyuta yake, yomwe imamusakira kope laulere lovomerezeka. Zikakanika abwere ku laibulale. Dziko la Malawi lili m'gulu lomwe mabungwe oyenerera amawerenga magazini ogulitsa mwaulere kudzera mu Research4Life, momwe muli nthambi za Hinari, AGORA, OARE, ARDI ndi GOALI. Kwa mainjiniya yofunika kwambiri ndi ARDI, yoyendetsedwa ndi WIPO, bungwe la United Nations loona za mapatenti, ngakhale a za madzi ndi chilengedwe adzapeza zambiri mu OARE. Amalembetsa ndi sukulu kapena bungwe, osati munthu payekha, ndipo pasiwedi yake siyoponya m'magulu a WhatsApp, chifukwa ikafalikira kunja bungwe lonse lingatsekeredwe. Palinso zomwe malaibulale amagula mogwirizana kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi. Chodandaulitsa n'chakuti ophunzira omwe analipo ena anali asanamvepo mayina amenewa. Pamenepa tisaloze chala ana. Udindo wowauza ndi wathu.

Tsiku lachiwiri linali la kaphunzitsidwe. Onse anavomereza kuti kuyendetsa ophunzira m'laibulale sabata yoyamba ya chaka choyamba sikuthandiza kwenikweni, chifukwa nthawi imeneyo alibe funso loti afufuze ndipo amaiwala. Phunziro ligwe sabata yomwe alandira mitu ya mapulojekiti, mphunzitsi wawo ali pomwepo, aliyense atagwira mutu wake.

Ndondomeko yomwe tinayeserera ndi iyi. Wophunzira alembe funso lake m'chiganizo chimodzi papepala, kompyuta isanayatsidwe. Aligawe m'mfundo zitatu. Chitsanzo chathu chinali cha mchenga wolowa m'makina a magetsi a madzi m'nyengo ya mvula, nkhani yomwe aliyense woidziwa mitsinje ya m'phiri la Mulanje amaimvetsa. Mfundo zake: magetsi a madzi aang'onoang'ono, mchenga, ndi kudyeka kwa tebaini. Pansi pa mfundo iliyonse alembe mawu ena a Chingerezi ofanana tanthauzo: micro-hydro ndi mini-hydro, sediment ndi silt, erosion ndi wear. Mawu oyendera limodzi awatsekere m'zizindikiro za mawu ogwidwa, ndipo zotsatira zikachuluka aike intitle: kutsogolo kwa liwu lofunika koposa. Akapeza pepala limodzi labwino, ayende mbali ziwiri: m'mbuyo powerenga mabuku omwe wolembayo watchula, kutsogolo podina Cited by kuti aone omwe anatchula pepalalo pambuyo pake. Funso lomwelo alibwereze mu Research4Life ndi mu AJOL, aone yekha kusiyana kwake. Ndipo alembe m'kope tsiku, malo omwe wafufuza, mawu enieni omwe walemba ndi chiwerengero cha zomwe zapezeka. Kope limeneli aphunzitsi aliike pa malikisi, apo ayi palibe adzalisunga.

Zolakwika zomwe zinaoneka poyesererapo n'zodziwika. Ambiri amalemba chiganizo chonse ngati akufunsa munthu. Ena amakopera zomwe batani la Cite latulutsa osaona kuti chaka chasowa kapena mayina asokonekera. Pulogalamu ya Zotero, yomwe ndi yaulere, imachepetsa vutoli, imasunga ma PDF oti awerenge magetsi kapena bandulo zikatha, komanso imachenjeza ngati pepala linachotsedwa ndi osindikiza. Chatsopano ndi mapepala omwe ChatGPT ndi zinzake zimapeka, okhala ndi mitu yomveka bwino koma kulibe. Mankhwala ake ndi kutenga nambala ya DOI, yozindikiritsa pepala pa intaneti, n'kuiyesa pa doi.org. Ikakana kutseguka, kapena ikatsegula pepala lina, lichotsedwe pamndandanda.

Panali mtsutso pang'ono. Aphunzitsi ena ankafuna kuti Google Scholar iletsedwe m'mapulojekiti. Ife tinakana, chifukwa wophunzira akamaliza sukulu n'kuyamba ntchito ku esiteti kapena ku khonsolo, mwina chidzamutsalira ndi chida chaulere chomwecho, ndiye kuli bwino achidziwe bwino pamodzi ndi malire ake.

Tikupempha komiti kuti pa msonkhano ukubwerawu igamule zinthu izi: membala aliyense afufuze ngati bungwe lake linalembetsa ku Research4Life ndi yemwe akusunga pasiwedi, tisankhe anthu awiri okonza phunziro la maola awiri potsata ndondomeko ili pamwambayi, ndipo laibulale iliyonse ilembe mndandanda wa malipoti a zaumisiri omwe ili nawo m'makabati, kuti tigawane. Mapepala omwe tinalandira kumsonkhano tawasiya kwa a Mlembi, ofuna kope awaone iwowo.

Zikomo chifukwa chotituma.