Chitsime cha mafuta chikayamba kulavula madzi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya zitsime zakale za mafuta. Ambiri amaganiza kuti chitsime chikayamba kutulutsa madzi ochuluka ndiye kuti mafuta atha. Ayi ndithu. Kawirikawiri mafuta amakhala akadalimo, atakanirira m'timabowo ta thanthwe.

Makampani amapopera madzi pansi kuti akankhire mafutawo ku chitsime china. Koma madzi ndi aulesi, sakonda njira yovuta. Akangopeza mng'alu, onse amathamangira momwemo n'kukatulukira uko, mafuta osawakhudza n'komwe.

Apa m'pamene timibulu ta polymer gel, chinthu chonga phala lolimba chomwe chimamwa madzi, timathandiza. Gel wopangidwa kuchokera ku mankhwala otchedwa polyacrylamide amaumitsidwa kenako n'kuperedwa kukhala timibulu. Timibuluto tikalowa m'madzi timafufuma kwambiri n'kukhala tofewa, motero timatha kudzipanikiza m'ming'alu ikuluikulu mpaka kuitseka. M'timabowo ting'onoting'ono momwe muli mafuta sitilowamo, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Madzi obwera pambuyo amasowa podzera, basi amayamba kukankha mafuta omwe ankawalambalala aja. Ku China njirayi anaigwiritsa ntchito m'zitsime za mafuta za ku Zhongyuan mu 1999, pambuyo pake za ku Daqing.

Komabe ndisaname, si mankhwala a chitsime chilichonse. Madzi akakhala ndi mchere wambiri timibuluti sitifufuma mokwanira, ndipo kutentha koopsa kwa pansi kumafooketsa gel. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukula kwa timibuluti: tikakulitsa timatsekereza pakhomo penipeni pa chitsime, tikachepetsa timangodutsa n'kukatuluka limodzi ndi madzi.

Ine wanu,
Wowerenga