Setifiketi ya panyanja si chilolezo cholowera kuphanga

Akonzi,

Tiloleni tichenjeze achinyamata amene akuphunzira kusambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Setifiketi yoyamba, ya Open Water, imakulolani kutsika mamita 18 pamalo pomwe zikavuta mungathe kukwera molunjika n'kukapuma kumtunda. M'phanga mulibe mwayi umenewo, chifukwa pamwamba panu pali thanthwe. Musanyengeke mukaona madzi a mbee a kuphanga la Chinhoyi ku Zimbabwe.

Taonani za kasupe wa Jacob's Well, pafupi ndi Wimberley ku Texas. Pakamwa pake m'potambalala mamita 4, dzenje limatsika molunjika mamita 9, kenako limapendekeka n'kudutsa m'zipinda zingapo mpaka kukafika mamita pafupifupi 40. Anthu osachepera 8 anafera mmenemo. M'chipinda china muli mpata wolozera kumwamba wooneka ngati potulukira, koma sutulukira kulikonse, ndipo munthu wosokonezeka amatsakamira momwemo. Polowera zipinda zakuya m'popanikiza, pansi pali timiyala tomwe timagumuka mukatikhudza. Mu 1979 anyamata awiri atafera mkatimo, Don Dibble, yemwe anatsika kukafuna mitembo, anakwiriridwa ndi timiyalato, mpweya unamuthera, ndipo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi atavulala kwambiri m'mimba. Pambuyo pake anatseka njirayo ndi chitsulo, koma anthu ena anachichotsa.

Chimene ambiri sachiwerengera ndi mpweya. Silinda ya malita 12 yodzaza pa 200 bar (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) imasunga malita 2,400. Munthu wopuma malita 20 pa mphindi ali kumtunda amafunika malita 80 akafika mamita 30, chifukwa kumeneko madzi akumupanikiza kanayi. Ndiye kuti silinda yonse ndi ya mphindi 30 basi, akachita mantha n'kuyamba wefuwefu imatha msanga kuposa apo. N'chifukwa chake olowa m'mapanga amagawa mpweya patatu: gawo lolowera, lotulukira, ndi lachitatu losungira mnzanu ngati zida zake zaonongeka muli kutali. Geji yoonetsa mpweya wotsala m'silinda ikatsika kufika pa 135 bar, tembenukani, kaya kutsogoloko kukukoma bwanji. Pa mamita 30, zimenezi ndi mphindi 10 zokha zolowera.

Kenako matope. Pansi pa phanga pamadikha fumbi losalala lomwe palibe mafunde olichotsa. Mukangopalasa kamodzi molozetsa mapazi pansi, madzi onse amavunduka moti ngakhale geji ya m'manja mwanu simungaiwerenge, ndipo tochi siithandiza kanthu. Thovu la mpweya umene mwapuma nalo limayoyola dothi la kudenga. Apa chokutulutsani ndi chingwe chokha: chimodzi, chosaduka, chomangidwa kunja kwa phanga, n'kumangidwanso polowera, chokhala ndi timivi tapulasitiki tolozera kotulukira. Mumachigwira mopepuka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Osachikoka, chingaduke pathanthwe lakuthwa kapena kulowa m'mng'alu momwe thupi lanu silingadutse. Miyendo ipindeni m'mawondo, mapazi akhale m'mwamba, muzipalasira cham'mbali.

Matochi akhale atatu kwa munthu aliyense. Kuyambira pa mamita 30, nitrogen wa mumpweya wamba amayamba kumuzunguza munthu ngati waledzera, amaiwala kuyang'ana geji ndipo amadziona ngati ali bwinobwino. Otsika kuposa mamita 40 amasakaniza mpweya wa m'silinda ndi mpweya wina wotchedwa helium pofuna kuchepetsa vutoli.

Malamulowa sanangopekedwa. Sheck Exley, katswiri wosambira m'mapanga wa ku Florida, anawasanja m'zaka za m'ma 1970 atafufuza chimene chinkapha anthu m'akasupe a kumeneko, ndipo anapeza zolakwa zomwezomwezo zikubwerezedwa. Tikupempha aphunzitsi a m'mbali mwa nyanja yathu kuti popereka setifiketi azinena mosapsatira mawu kuti siigwira ntchito paliponse pamene pali denga, ngakhale pansi pa mathanthwe osanjikizana a kuzilumba za Cape Maclear.

Okhudzidwa,
Mangochi