Amuna anga ali ndi dzina, si "abambo a thumba la mkodzo"

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndinene zomwe zinatichitikira Lachiwiri lapitali pa chipatala china kuno ku Chipata. Dzina sinditchula koma amene anali pa benchi tsiku lija akudziwa. Ndinaperekeza amuna anga kukasinthitsa kateta, kapaipi kaja kolowera kunsi kwa mchombo kamene akukodzera chichitireni ngozi ya honda pa Great East Road chaka chatha. Tinafika 6 koloko m'mawa. Cha m'ma 11 nesi anasuzumira pakhomo n'kukuwa kuti "abambo a thumba la mkodzo aja alowe!" Anthu ali thothotho, azimayi, ana a sukulu, mpaka mayi wina wa kutchalitchi kwathu analipo. Khadi lili m'manja mwake, dzina lalembedwa pomwepo. Kodi kuwerenga dzina pa khadi kumafuna digiri yanji?

M'katimo ndiye zinanyanya. Bambo analimba mtima, nkhani yoti akhala akuimeza miyezi 14, n'kufunsa chapansipansi kuti nanga za m'nyumbazi zidzabwerera? Nesi uja phwete kuseka, eti "aa bambo thokozani kuti muli moyo, mukuganiza zimenezo manje?" n'kuitananso mnzake kuti abwere adzamve funso. Ine ndili pomwepo, mkazi wawo. Kuchokera pamenepo mpaka kunyumba sanatsegule pakamwa, usiku nsima sanaikhudze, ndipo akuti mwezi wa mawa sabwererako olo paipiyo itseke. Ikatseka mudzabwera ndinu manesi kudzawanyamula pakati pa usiku? Munthu wa ana anayi, amene ankadyetsa banja ndi honda yake, mwamusandutsa choseketsa cha pa tiyi wanu.

Chikundiwawa kwambiri n'choti funso lawo lili ndi yankho. Dokotala wina amene anatithandiza atagonekedwa anatijambulira papepala bwinobwino. Mafupa a m'chiuno akathyoka amatha kudula njira ya mkodzo kunsi kwa chikhodzodzo, ndiye chifukwa chake amayamba aboola pamimba kuti mkodzo uzituluka. Pakapita miyezi 3 kapena kuposerako, kutupa kutatha, amajambula kuona kutalika kwa pomwe panaduka, kenako opaleshoni yochotsa chipsera n'kulumikiza mbali ziwiri zija, ndipo ambiri amayambanso kukodza ngati kale. Za mphamvu za abambo anati mitsempha yake imadutsa malo omwewo, imavulala nthawi ya ngoziyo, ena zimabwerera pang'onopang'ono mpaka zaka 2, ena amathandizidwa ndi mapilitsi ngati sildenafil atawayeza kaye mtima. Mawu amenewa kuwanena sikungathe mphindi 5. Ngati nesiyo sakuwadziwa bwanji osanena kuti dikirani ndikuitanireni dokotala? Kuseka ndiko anakuphunzira ku koleji?

Miyezi 3 ija ife yasanduka 14. Tapita ku Lusaka kawiri, makilomita opitirira 500, munthu wa paipi pamimba atakhala mu basi tsiku lonse kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, mapiri a ku Luangwa aja, thumba lili m'kati mwa thalauzi akuopa kuti litayikira anthu, kufika uko kutiuza kuti mndandanda ndi wautali mubwerenso. Mbuzi tinagulitsa, soya wa chaka chino anathera m'matikiti. Pakatipa malungo a matenda a m'chikhodzodzo awagwetsa katatu.

Ndiye poti kuchipatala mukuwaseka, anthu athu akuthawira kwa ogulitsa mabotolo pamsika. Alamu anga anabwera ndi mizu yoti imadzutsa ngakhale wakufa, mizu ingalumikize njira yoduka? Apongozi anayamba zoti pali munthu anawatchera pamsewu. Ena pamjigo amandinong'oneza kuti ndikadali mtsikana ndisadzivutitse, amuna anu anagwa m'papaya. Ine sindinakwatiwe ndi mbali imodzi ya thupi lawo, koma zimandipweteka kuwaona akugona chotembenukira kukhoma ngati alakwa ndi iwo. Ndipo si ife tokha. Taonani mahonda kuchuluka kwake m'tauni muno mpaka ku Mwami, anyamata a zaka 20 akunyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga, malole akuwadutsa mophephetsa. Mwendo ukathyoka aliyense amaona pulasitala n'kupepesa. Izi zobisikazi akungofa nazo mumtima, ena asanakwatire n'komwe.

A Nduna a Zaumoyo, akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha kum'mawa, aphungu athu amene mumatipeza nthawi ya voti, inunso a Nursing and Midwifery Council of Zambia amene mumapereka ziphaso kwa manesi, kodi chinsinsi cha wodwala chinachotsedwa liti m'malamulo anu? Ndikudziwa manesi ambiri amagwira ntchito mothodwa, ena atisamalira ngati abale awo, koma kutopa sikupatsa munthu chilolezo chochotsa ulemu bambo wa mwini.

Pempho langa ndi ili, odwala aziitanidwa ndi mayina awo basi, pakhale kachipinda kotseka chitseko komwe abambo angafunse za m'nyumba, ndipo madokotala a njira ya mkodzo azibwera kuno ku chigawo olo sabata imodzi pa miyezi ingapo kudzapanga maopaleshoniwa, m'malo moti ife tizikwezana mabasi ndi matumba. Nesi uja apepese pamaso pa amuna anga, chifukwa pa 20 mwezi wa mawa paipi iyenera kusinthidwa ndipo sindikudziwa ndiwanyengerera bwanji.

Mayi wokhumudwa,
Chipata