Kalata kwa mnzanga wakutali

Mnzanga,

Kalata yako ndailandira, ndaiwerenga katatu. Ukundiseka eti kuti ndasanduka wakuba wa pa intaneti? Seka bwino, koma ndikudziwa kuti pasiwedi yako ikadali tsiku lako lobadwa lija. Isinthe lero lomwe, ndanena.

Maphunziro aja a zoteteza makompyuta ndili mkati. Kuno kulibe zoloweza. Amatipatsa makompyuta oyeserera omwe anawasiyira ziboo dala, kuti tiwathyole, kenako titseke tokha. Sabata yatha ndinapima makina amodzi ndi Nmap, pulogalamu yofufuza makomo otsegula olowera m'kompyuta kudzera pa netiweki, ndinapeza khomo la 445 lili pululu. Mtima unagunda, mnzanga. Khomo lomweli ndi limene pulogalamu ya achiwembu ya WannaCry inalowera mu Meyi 2017, n'kumanga mafayilo m'mayiko oposa 150, mpaka zipatala za ku Britain kumabweza odwala. Chowawa n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka chiboocho mu Malichi, koma ambiri anali asanachiike. Nkhaniyi ndinali nditaiwerenga kambirimbiri, koma inandilowa tsiku limene ndinatseka khomolo ndi zala zangazi. Ndipo amene anaimitsa WannaCry, Marcus Hutchins, anali wa zaka 22 zokha, wodziphunzitsa yekha.

Koma laputopu yangayi! Ndikangotsegulamo makompyuta oyeserera atatu nthawi imodzi imatentha moti sungaiike pamiyendo, fani n'kumalira usiku wonse. Batire nalo latopa. Mpando ukundithyola msana. Za ukwati wa mlongo wako zinayenda bwino, ndidzakufotokozera.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi mng'ono wako. Masatifiketi awiri a zoteteza makompyuta ali nawo, koma palibe amamuitana. Kulikonse akufuna munthu amene wagwirapo kale ntchitoyi zaka zingapo. Nanga aigwirira kuti ngati sakumulola kukhudza ngakhale seva imodzi? Bungwe la ISC2 linanena mu 2024 kuti dziko lonse likusowa anthu pafupifupi 4.8 miliyoni a ntchito yoteteza makompyuta. Mabwana akulira kusowa anthu, pomwe ana ali pakhomo pawo akugogoda. Ndikagona ndimangoganiza: tsiku lina achiwembu adzalowa m'chipatala, m'banki, kumagetsi, ndipo wokhala pa kompyutayo adzakhala woti anangokhoza mayeso, sanaonepo chiwembu chikuchitika. Adzayambira pati? Ndimadzuka thukuta lili kamukamu.

Ndamuuza ayambe picoCTF ya yunivesite ya Carnegie Mellon, ndi yaulere, amakubisira chinthu m'makina iwe n'kumachifunafuna. Akuzengereza. Iwe amakumvera, muimbire. Umuuze kuti pofunsidwa ntchito azitha kunena kuti ichi ndinachithyola, ichi ndinachikonza. Mnzathu wandevu uja walonjeza kumubwereka kompyuta yake yakale, ngati sanaiwale monga mwa nthawi zonse.

Dzulo mphunzitsi anationetsa pa Wireshark, pulogalamu yoonera zodutsa pa netiweki, pasiwedi ya munthu ikudutsa pa netiweki ili mbulanda, aliyense kuiwerenga, ndipo ndinakumbuka iwe. Pepala latha, fani yayambanso kulira, koma zimene anachita kenako ndiye